Kujambula amanatee ku Crystal River mu Januwale: yankho kwa m'bale wa ku Atlanta

Ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina amene akuphunzira ku Atlanta. Akuti mu Januwale akupita ku Florida, ndipo amva kuti ku Crystal River anthu amaloledwa kulowa m'madzi momwe muli amanatee, nyama zikuluzikulu zoyamwitsa zokhala m'madzi. Akufuna kukabwerako ndi zithunzi za pansi pa madzi. Anajambulapo mbuna ku Cape Maclear, choncho kumira ndi kamera sachita nako mantha. Mafunso awo ndi atatu: agule lenzi yanji, atenge flash kapena ayi, ndiponso azimira mpaka pati kuti nyamayo aijambule chapansi.

Achimwene, ndiyamba ndi funso lomalizalo chifukwa ndi limene landikhudza kwambiri. Musakamire. Luso limene linakuthandizani pa mbuna, lokoka mpweya n'kutsikira pamiyala, kumeneko likulowetsani m'mavuto, ndipo lidzakuonongerani chithunzi chomwe mukuchifunacho.

Muyambe mwadziwa chimene nyamazi zimadzera kumeneko. Manatee wamkulu amatalika pafupifupi mamita atatu ndipo amalemera makilogalamu 400 mpaka 550, ena kuposa pamenepo. Mukamuona mungaganize kuti thupi lonselo ndi mafuta, koma ayi, mbali yaikulu ndi matumbo ogaya udzu wa m'madzi. Mafuta omuteteza ku chisanu ndi ochepa, ndipo thupi lake limapanga kutentha pang'onopang'ono. Madzi akazizira kutsika pa madigiri 20 kwa masiku angapo, amayamba kudwala: khungu limachita zilonda zotuwa, amasiya kudya bwino, ndipo ana ndi amene amafa msanga. Ku Kings Bay, komwe mtsinje wa Crystal River umayambira, kuli akasupe ambirimbiri otulutsa madzi a madigiri 22 chaka chonse. N'chifukwa chake madzi a kunyanja yaikulu akazizira, amanatee mazanamazana amathawira kumeneko. Manatee amene mudzamuone atagona pansi, mphuno ili mumchenga, akusunga mphamvu kuti afike mwezi wa Marichi ali moyo. Mukamudzidzimutsa n'kuthawira kunja kwa kasupe, mwamubwezera ku chisanu chimene anathawa.

Nyamazi zaona kale zokhoma. Mu 2021 mokha ku Florida kunafa amanatee pafupifupi 1,100, ambiri mwa iwo ndi njala, udzu wa m'madzi utatha ku Indian River Lagoon chifukwa cha kuipa kwa madzi. Zimenezi zinachitika patangopita zaka zinayi boma la America litawachotsa, mu 2017, pagulu la nyama zimene zatsala pang'ono kutheratu n'kuwaika pagulu lotsikirapo. Ine ndikamaona wojambula akuthamangitsa nyama yotere chifukwa cha chithunzi chimodzi, mtima umandipweteka.

Malamulo ake ndi akale ndithu: Marine Mammal Protection Act ya 1972, Endangered Species Act ya 1973, ndi Florida Manatee Sanctuary Act ya 1978. Malo otetezedwa a Crystal River National Wildlife Refuge anakhazikitsidwa mu 1983 makamaka chifukwa cha amanatee, ndipo amayang'aniridwa ndi U.S. Fish and Wildlife Service. Kuyambira pa 15 Novembala mpaka pa 31 Marichi, mbali zina za madzi amazitchinga ndi zingwe ndi zoyandama, ndipo munthu saloledwa kulowamo. Kunja kwa zingwezo mumaloledwa kuyandama n'kumangoyang'ana. Kuthamangitsa manatee, kumutsikira ali mtulo, kumutsekereza njira, kumukwera, kumutosa ndi dzanja kapena ndodo ya kamera, kumupatsa chakudya, kulowa pakati pa mayi ndi mwana, zonsezi ndi mlandu. Pamadzipo pamakhala anthu odzipereka ali m'timabwato, akuyang'anira.

Mwina mukuti, nanga chithunzi chabwino chichokera kuti ngati ndingoyandama? Apa ndi pamene nkhani imakoma. Manatee ndi nyama yachidwi, makamaka ana ndi amene angosiya kuyamwa. Munthu akagona chafufumimba pamwamba pa madzi, miyendo ili phee, manja ali kutsogolo, akupuma mwakachetechete ndi snorkel (kapaipi kopumira nkhope ili m'madzi), nthawi zambiri nyamayo imabwera yokha. Maso ake ndi aang'ono ndipo saona patali, koma thupi lake lonse lili ndi titsitsi tomva kugwedezeka kwa madzi, ndipo kukamwa kuli ndevu zolimba zimene amafufuzira nazo zinthu. Amafika pafupi kuti akudziweni. Galasi lozungulira la kutsogolo kwa kamera limamukopanso, mpaka ena amaligunda ndi mphuno. Zithunzi za nkhope yodzaza chithunzi chonse zimene mwaziona pa intaneti zija, zambiri zinajambulidwa choncho, wojambula ali duu.

Palinso chifukwa china chokhudza chithunzi chenichenicho. Pansi pa akasupewa pali matope osalala kwambiri. Phazi limodzi likangogunda pansi, madzi amachita mbuu ngati mwathiramo ufa, ndipo zimatenga nthawi kuti adekhe. Malo ambiri ndi osaya, moti chiyeso choimirira chimakhala chachikulu. Musaime. Ambiri oyendetsa maboti a alendo sapereka n'komwe zopalasira za kumapazi; amakupatsani wetsuit (chovala chothina choteteza ku kuzizira kwa madzi) ndi chinthu choyandamitsa choika m'khwapa, ndipo mumayenda popalasa ndi manja pang'onopang'ono. Mabotolo a mpweya asiyeni, phokoso la thovu limawathawitsa.

Tsopano za lenzi. Tengani yoona malo aakulu kwambiri imene mungapeze: fisheye, kapena ya mamilimita 16 mpaka 35 ngati kamera yanu ndi ya full frame, ndipo ikhale kuseri kwa dome port, galasi lozungulira lija la kutsogolo kwa kamera. Mbuna ndi kansomba kakang'ono, mumafuna kukakokera pafupi. Apa nyama ndi yaikulu ndipo imabwera pamphuno panu, ndiye vuto limakhala kuikwanitsa yonse m'chithunzi. Komanso madzi akachepa pakati pa inu ndi nyama, chithunzi chimatuluka chakuthwa ndi mitundu yake yeniyeni. Ngati mulibe ndalama za housing (bokosi loteteza kamera kuti isalowe madzi) ya kamera yaikulu, zomwe nthawi zina zimaposa mtengo wa kamerayo, musadandaule. Kamera yaing'ono ngati GoPro kapena Olympus TG imagwira ntchito bwino m'madzi osaya ngati amenewa, ndipo kuchepa kwake kumakuthandizani kusavundula madzi.

Flash isiyeni kunyumba. Ku Three Sisters Springs, akasupe otchuka a m'dera la Kings Bay, kuwala kwa flash kumafuna chilolezo chapadera. Ngakhale pakanakhala popanda lamulo, ndikanakuuzani chimodzimodzi: flash imawalitsa tizinyalala tonse toyandama m'madzi, chithunzi n'kudzaza madontho oyera. Dalirani dzuwa. Jambulani mu RAW kuti mtundu wobiriwira mudzaukonze pa kompyuta. M'mamawa kuwala kuli kochepa, ine ndingayambe ndi shutter ya 1/125, f/5.6 ndi ISO 800 kapena 1600. Dzuwa likakwera tsitsani ISO, mupite pa f/8 ndi 1/250. Manatee sathamanga, chimene chimagwedeza chithunzi kawirikawiri ndi manja anu amene akunjenjemera ndi kuzizira.

Kuzizirako musakupeputse. Madigiri 22 amamveka ngati ofunda, koma munthu wongoyandama osapalasa amazizidwa pasanathe ola. Wetsuit ya mamilimita 5 ndi yabwino kuposa ya 3. Kunja kwa madzi m'mamawa wa Januwale kumazizira kuposa m'madzimo, nthawi zina pamwamba pa madzi pamafuka nthunzi. Kusiyana kumeneku kumachititsa nkhungu mkati mwa housing, choncho itsekereni m'chipinda chouma usiku, muikemo timapaketi ta silica gel, ndipo batire ikhale yodzaza chifukwa simudzafuna kutsegula muli pa boti. Pa botipo pakhale thaulo, jekete ndi chakumwa chotentha.

Nthawi iliyonse yopitira ili ndi ubwino ndi kuipa kwake. Maboti oyamba amanyamuka kusanache bwino; nyama zimakhala zambiri, anthu ochepa, madzi asanavunduke, koma kuwala kochepa. Cha m'ma 10 koloko kuwala kumalowa bwino m'madzi, mizere ya dzuwa ikutsika pakati pa mitengo, koma anthu amakhala atachuluka. Mukakhala ndi masiku awiri, yesani zonse, ndipo musankhe mkati mwa sabata. Muyang'anenso ndandanda ya kukwera ndi kuphwa kwa nyanja, chifukwa Kings Bay imatsatira zimenezo. Madzi akamakwera, amanatee amalowa m'kangalande kopita ku Three Sisters, koma madzi a kunja osayera amalowa nawo. Akayamba kuphwa, madzi a kasupe amakankhira zinyalala kunja ndipo mumayera.

Nyama ikabwera, musangojambula nkhope yokha. Yang'anani zikhadabo za kumapeto kwa zipsepse zake zakutsogolo, zimene zimakumbutsa kuti mbale wake wapafupi pamtunda ndi njovu. Yang'anani ndere zomera pamsana, ndi tinsomba tozidya. Manatee wogona amakwera yekha kudzapuma, nthawi zina patatha mphindi 15 kapena 20, amatulutsa mphuno yokha kenako n'kutsikanso. Mukadikira chapatali, mudzamujambula akukwera, nkhope yake ikuonekeranso kunsi kwa madzi ngati pagalasi. Chithunzi chimenechi n'chimene chingalowe m'malo mwa chija mumafuna kumirira. Mukapeza mwana akuyamwa, mudzaona kuti bere lili m'khwapa mwa mayi, kuseri kwa chipsepse. Pamenepo khalani patali, ajambuleni onse awiri pamodzi ndi malo awo. Mwanayo amakhala ndi mayi wake chaka chimodzi kapena ziwiri ndipo kuwalekanitsa n'koopsa.

Zipsera musazibise. Amanatee akuluakulu ambiri ali ndi mizere yoyera yondondozana pamsana, yochekedwa ndi mapulopela a maboti, ndipo ena michira yawo inang'ambika. Ofufuza amazindikira nyama iliyonse ndi zipsera zimenezi. Ojambula ena amazifufuta pa kompyuta kuti chithunzi chikongole. Ine ndimaona kuti kutero n'kunamiza anthu, chifukwa moyo wa manatee wa ku Florida ndi umenewo.

Chomaliza, konzekerani kuti mwina mudzapeza Three Sisters atatseka. Kukazizira kwambiri nyama n'kudzazana, oyang'anira amaletsa anthu kulowa m'madzi, ndipo izi zimachitika pa masiku omwewo amene amanatee achuluka. Zikatero, boti lidzakutengerani mbali zina za Kings Bay kapena ku Homosassa, kum'mwera pang'ono. Pa Three Sisters pomwepo pali kanjira kamatabwa kozungulira kasupe, ndipo mukaika polarizer (kagalasi kochotsa kunyezimira kwa pamwamba pa madzi) pa lenzi mumajambula gulu lonse kuchokera pamwamba, madzi akuonekera mpaka pansi. Ku Blue Spring State Park, kufupi ndi Orange City, kusambira n'koletsedwa nyengo yonse ya amanatee, koma malo oonera ndi abwino kwambiri. Ngati mukudzera ku Tampa, palinso Manatee Viewing Center ku Apollo Beach, pamene nyamazi zimasonkhana m'madzi ofunda otuluka pa siteshoni ya magetsi ya Big Bend. Choncho m'chikwama muikemonso lenzi yokokera patali, ndipo boti mulipiriretu Disembala asanathe, chifukwa malo a m'mamawa mu Januwale sachedwa kudzaza.