Mutu wa chimangirizo aphunzitsi auvomere polemba, osati pakamwa

Asisi, mwafunsa za mutu woti mulembere chimangirizo cha ku koleji pa buku la fantasy, ndiye kuti la nkhani zopeka za matsenga ndi zodabwitsa. Mutu mwatchulawo wa "chabwino kulimbana ndi choipa" usiyeni. Theka la kalasi lidzalemba womwewo pa buku lililonse la fantasy, ndipo mudzangopezeka mukubwereza nkhani ya m'buku mpaka masamba atha. Koma ndimveni kaye, chifukwa funso lanuli landitosa pachilonda.

Ine ku koleji ndinatenga buku la Amos Tutuola wa ku Nigeria, The Palm-Wine Drinkard, lija linatuluka ku London mu 1952. M'bukumo muli munthu wokonda uchema, wantchito womukwerera m'mitengo wagwa n'kufa, iye n'kunyamuka kukamufuna kumudzi wa akufa. Mutu wanga unali wakuti m'bukumo chodabwitsa chilichonse chili ndi ngongole yake. Umboni ndinali nawo: mwamuna wokongola uja mtsikana anamutsatira kuchokera pamsika, atalowa m'nkhalango akuyamba kubweza ziwalo kwa eni ake, phazi apa, mkono apo, akulipira yobwerekera, mpaka kutsala chigaza chokhachokha. Pambali pake ndinaika nthano imene agogo ankatiuza ku Katete, ya mtsikana wokana anyamata onse a m'mudzi n'kukwatiwa ndi mlendo wosanduka fisi.

Ndinapita ku ofesi kwa aphunzitsi kukawafotokozera. Anati "pitirizani", maso ali pa foni. Ndinalemba usiku malaiti atapita, ndikuwunikira ndi foni, ndalama ya ndiwo n'kukasindikizira pa kashopu kena kufupi ndi msika wa Kapata. Tsiku lobweza mapepala, langa analisunga pomaliza. Anaima kutsogolo, n'kuligwira pakona ndi zala ziwiri, n'kuyamba kuwerenga ndime ya chigaza ija mokweza, akusinthasintha mawu kuti anthu aseke. Atatha anati, "Uyu watilembera za ufiti. Kuno ndi ku koleji, si kudambwe." Kalasi yonse phwiti kuseka, wina kumbuyo n'kuyamba kuimba ng'oma pa desiki. Ndinayenda kukalitenga miyendo ikunjenjemera. Tsamba loyamba mzere wofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi. Masamba a m'kati oyera mbee, opanda ngakhale kadontho ka cholembera, osapindika n'komwe pa sitepulo. Sanawerenge, abale. Nditawatsatira panja kuwakumbutsa kuti mutuwo anauvomera okha, anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Umboni uli nawo?"

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti bambo omwewo anapereka malikisi apamwamba kwa amene analemba za The Lord of the Rings ya Tolkien, ya mu 1954 ndi 1955, mmene muli amatsenga, mizukwa yokwera pa akavalo ndi mphete yobisa munthu. Zikakhala za mzungu ndi maphunziro, zikakhala za kwathu ndi ufiti! Ndiye kutchula dambwe monyoza kuno kum'mawa kwa Zambia kwenikweni, pamene UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, pamene chaka ndi chaka anthu a m'maiko atatu amakadzaza ku Mkaika pa Kulamba. Munthu wotere samayenera kugwira choko.

Tsono inu chitani chonchi. Mutu ukhale funso laling'ono loti mungaliyankhe ndi ndime zitatu kapena zinayi za m'buku, nambala za masamba zili pomwepo. Funso limene silinandikhumudwitsepo ndi ili: mphamvu zodabwitsazi akuzilipira ndani? Kwa Tolkien, Frodo, wonyamula mphete uja, wafika paphiri la moto koma akukanika kutaya mphete, chala chikudulidwa ndi mano a Gollum amene akulimbirana naye mpheteyo, ndipo atabwerera kwawo mtendere sakuupeza. Apo pokha pali chimangirizo chathunthu. Mungafunsenso kuti ndani akuloledwa kukhala ndi mphamvuzo, ndani akumanidwa, makamaka akazi. Ngati mukufuna cha kwathu kuno, pali The Old Drift ya Namwali Serpell ya mu 2019, imene inapata mphotho ya mabuku ya Arthur C. Clarke Award mu 2020. Muli mayi amene misozi yake sikuleka kwa zaka zambirimbiri, wina tsitsi likumera thupi lonse. Tengani mayi mmodzi yekha, bukulo ndi lalikulu, mukalifuna lonse likumizani.

Lembani chimene mtima wanu wagwira, musaope munthu. Koma funsani kaye a chaka chapamwamba kuti aphunzitsi anuwo ndi otani. Akakhala ngati anga aja, tengani Tolkien, pezani malikisi anu, za agogo mudzalemba mutatenga pepala. Ndipo mutu uliwonse musankhe, atumizireni aphunzitsi pa WhatsApp, adikireni ayankhe ndi mawu olemba, mujambule yankholo musanalembe ngakhale mzere umodzi.