Kwa mayi amene mwana wawo akubwera ku Chigwa cha Shire kudzathandiza mongodzipereka

Mayi mnzanga, mwati mwana wanu wamkazi wamaliza kukoleji, ndipo bungwe lina lamutenga kuti akagwire ntchito yongodzipereka chaka chathunthu kumudzi wina kuno ku Chigwa. Mwatinso sanachokepo pakhomo panu ku Chilomoni, ngakhale kukolejiko ankangoyendera. Mukufunsa ngati n'koyenera kumulola, ndi zoti mumulongedzere. Ambiri pamwambapa akuyankhani za kutentha, ena za ng'ona, wina mpaka wakuuzani kuti mumuletse. Ine ndine mphunzitsi, kwathu ndi konkuno kufupi ndi Ngabu, ndipo achinyamata oterewa ndawasungapo pakhomo panga. Muloleni abwere. Koma musanafunse za dzuwa, funsani kuti akafikira m'manja mwa yani, chifukwa zina zonsezo zimapepuka kapena kulemera malingana ndi khomo limenelo.

Musakhutire ndi yankho loti "akakhala ku Chikwawa" kapena "ku Nsanje" basi. A bungwewo akuuzeni T/A wake, mudzi wake, ndi mayi wa pakhomo pomwe akafikire, kenako mayiyo mumuimbire foni nokha, mumve mawu ake. Amene ali m'mbali mwa M1, monga pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka Nsanje boma, minibasi amaipeza tsiku lililonse, ndipo akadwala pali pothamangira: zipatala za boma ku Chikwawa, Ngabu ndi Nsanje, St Montfort ku Nchalo, Kalemba ku Bangula. Wa kutsidya kwa Shire, komwe timati East Bank, nkhani yake ndi ina. Msewu wakumeneko umapatukira pa Thabwa, ndipo mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo imaudula mvula ikalimbika. Chipatala chachikulu mbali imeneyo ndi Trinity ku Muona. Sindikuti akane East Bank, ayi, kuli anthu abwino ndiponso mpunga wokoma. Koma mukawafunsa a bungwewo kuti mu Januwale msewu ukaduka mwana atuluka bwanji, yankho lake libwere lolunjika. Akayamba kuzungulirazungulira, dziwani kuti sanaganizepo. Funsaninso kuti kandalama ka pamwezi ndi kangati, kamabwera tsiku liti, pa Mpamba kapena pa Airtel Money, lendi akulipira ndani, ndipo chipinda chake chili ndi chitseko chokhoma m'kati kapena ayi.

Kutentha kulipo ndithu, sindikunamizani. Kuchokera ku Blantyre kufika ku Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50 okha, koma mukamatsika chitunda cha Thabwa makutu amatsekeka, mphepo yolowa pawindo n'kusanduka yofunda musanafike n'komwe pa mlatho wa Kamuzu. Mu Okutobala ndi Novembala zimadutsa madigiri 40. Ife sitilimbana nalo dzuwa limeneli, timangolizemba. Kumunda timapita kusanache, pofika 9 koloko tabwerako, masana onse tili pansi pa mitengo ya nimu, madzi akumwa ali mumtsuko pamthunzi. Usiku m'nyumba ya malata simugoneka. Timayala mikeka pabwalo, masikito n'kumangirira chingwe chimodzi ku nthambi, china ku mzati wa khonde, amayi ndi ana mbali yawo, abambo mbali yawo. Tsono taganizani mtsikana wam'tauni amene amupatsa nyumba yakeyake kuti "akhale momasuka". Panja yekha sangagone, achita mantha. Adzitsekera m'kati, mawindo omwe, thukuta lili kamukamu mpaka tambala woyamba, mawa lake akaimirire pamaso pa anthu mutu ukuwaza. Sabata isanathe wayamba kulira kuti akufuna kwawo, inu n'kumati dzuwa lamukana. Pamene ali pa banja, madzulo amangomva kuti "tenga mkeka wako, bwera ugone apa", nkhani yatha. Kwa ine nyumba yaudzu ya pa banja labwino ikuposa ya malata yokhala yekha, ndipo yaudzuyo imazizirirako.

Madzi nawo amafuna wokuuza. Mijigo ina, makamaka mbali yathu ya Ngabu, imatulutsa madzi amchere. Sopo sachita thovu, tiyi amamveka ngati mwalakwitsa botolo, nyemba zimachedwa kupsa. Amayi a m'mudzi amadziwa mjigo wochapira ndi womwera, ngakhale womwerawo utakhala patali, koma zimenezi sizilembedwa pa chikwangwani. Ku Shire ndi m'matamanda a Elephant Marsh asakasambe, asakachape, ngakhale aone ana akusambira. Ng'ona si nthano kuno, ndipo likodzo limalowa mwakachetechete. Malungo ndiye mdani wa tsiku ndi tsiku: masikito usiku uliwonse, ndipo thupi likatentha akayezetse tsiku lomwelo, asamangomwa panado n'kumati ndi dzuwa. Nthawi ya mvula madzi akumwa azithira klorini, chifukwa kolera imakonda kubwera madzi akasefukira.

Za madzi osefukirawo, zomwe munaona pa kanema n'zoona. Mu Januwale 2015 Ruo anasintha njira, Makhanga n'kutsala pachilumba. Mu Malichi 2019 kunali namondwe Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anaphwanya damu la Kapichira, dziko lonse n'kulowa mumdima, M1 n'kuduka malo angapo. Mu Malichi 2023 kunabwera Freddy, amene inunso ku Blantyre mukumudziwa bwino, poti ku Chilobwe anasiya maliro osaneneka. Chimene alendo sachidziwa n'chakuti madzi otimizawa kawirikawiri si a mvula yathu. Kuno kumwamba kungakhale kuli mbee, koma ikagwa ku Mulanje, Thyolo, Blantyre ndi Mwanza, yonse imatsikira kwa ife kudzera mu Ruo, Mwanza, Likhubula ndi timitsinje tina. Pa Chiromo, pomwe Ruo amathira mu Shire, madzi amatsekerezana n'kubwerera m'mbuyo. Choncho akangofika afunse eni mudzi kuti madzi a Ana ndi a Freddy anafika pati. Amulozera mzere pakhoma la tchalitchi kapena pa thunthu la mtengo, amuuzanso komwe amathawira. Masetifiketi asiye kwa inu. Chiphaso cha unzika, foni ndi tochi azisunga m'jumbo pamalo pofikira msanga kuyambira Disembala mpaka Malichi. Eni khomo akati tiyeni kumtunda, anyamuke pomwepo, asati ayambe wafunsa kuofesi.

Tsopano ntchito yeniyeniyo, imene a pamwambapa sanaikhudze. Chifukwa cha ngozi zimenezi, anthu a kuno aona mabungwe ambiri, ndipo aphunzira kuti munthu wovala tisheti ya bungwe, kope m'manja, ndiye kuti akulemba mayina. Msonkhano wake woyamba udzadzaza, ena atatenga kale ziphaso zawo. Agogo ena adzamugwira dzanja pambali, n'kunong'ona kuti, "Mwanawe, ulendo watha anandidumpha, uno usandiiwale." Apa ndi pamene ana athu amagwa m'mbuna. Chifukwa cha chisoni ndi manyazi amayankha kuti "tiona", kapena amalemba dzinalo m'kope kuti agogowo asakhumudwe. Kwa agogowo limenelo ndi lonjezo. Pakadzabwera chimanga cha bungwe lina iwo n'kusowamo, m'mudzi monse mudzamveka kuti mtsikana uja anadya. Muuzeni mwana wanu anene poyera tsiku loyamba, pamaso pa amfumu ndi a komiti ya chitukuko cha m'mudzi, kuti iye sanabwere ndi thumba la ufa kapena ndalama, wabwera kudzachita zakutizakuti. Msonkhano wachiwiri udzachepa, mwina kutsala anthu okwana pansi pa mtengo umodzi. Asakhumudwe, amenewo ndiwo ogwira nawo ntchito. Ndipo asaitanitse msonkhano 1 koloko masana kapena tsiku la msika n'kumati anthu a kuno safuna chitukuko.

Miyezi yoyamba achepetse kuphunzitsa, achulutse kufunsa. Ndimaseka ndikamva wachinyamata akuwalangiza anthu kuti asamuke m'mphepete mwa mtsinje ngati kuti iwo sanaganizepo. Mvula ya kuno ndi yochepa, chimanga cha kumtunda chimapserera, n'chifukwa chake timadalira mapira, mchewere, thonje ndi ziweto. Chakudya chenicheni chimachokera kudimba: madzi akaphwera amasiya chinyontho ndi nthaka yachonde, anthu n'kudzala chimanga, mbatata ndi nyemba m'nyengo yozizira. Madzi omwewo amene amagwetsa nyumba ndi amenenso amadyetsa banja. Akamvetsa zimenezi, malangizo ake adzayamba kumveka. Mu nthawi ya njala akadzaona anthu ku Nsanje akuphika nyika, timizu tonga mbatata ta pansi pa madzi tija, asakweze foni n'kuyamba kujambula kuti aike pa Facebook. Anthu amakumbukira amene anawachititsa manyazi.

Chilankhulo chisakudetseni nkhawa. Chimang'anja cha ku Chikwawa achimva tsiku loyamba lomwe. Kutsika kumunsi Chisena chimachuluka, koma pafupifupi aliyense amamva Chichewa, ndipo akayesa kupereka moni m'Chisena, ngakhale mokhotakhota, amayi adzamuseka n'kumukonda pomwepo. Chitenje chisachoke m'chikwama. Pakagwa maliro m'mudzi ntchito iime, apite akakhale pansi ndi amayi anzake, atunge nawo madzi, asonkhe kangachepe. Amene sapita kumaliro anthu samubwerera kumsonkhano. Akampatsa nsima ya mapira ndi mlamba wowamba asambe m'manja adye, asayambe kufotokoza kuti kwawo amadya ya ufa woyera. Ku Khulubvi, ku kachisi wa Mbona, si malo ongolowa poti wamva mbiri, kuli eni ake oyenera kupempha. Za miyambo ina imene imatchukitsa Nsanje m'manyuzipepala ndikudziwa kuti mwamvapo. Palibe amene adzakakamize mlendo wa bungwe kuchita zimenezo, ndipo mafumu ndi mipingo akhala akuzithetsa. Chomuchenjeza ndi chomwechi mumamuchenjeza ku Chilomoni: amuna a mawu okoma, makamaka kumapeto kwa mwezi ndi nthawi yogulitsa thonje, komanso okabaza oyenda nawo usiku. Apanso mayi wa pakhomo uja ndiye diso lanu, amadziwa mnyamata aliyense wa m'deralo ndi mbiri ya kwawo.

Gawo lovuta kwambiri ndi lanu, mayi. Adzakuimbirani akulira, zimenezo ndikukuuziranitu. Kawirikawiri si sabata yoyamba, pamene zonse zikadali zachilendo, koma pakatha mwezi, anzake a ku Blantyre akamaika zithunzi za ku ukwati iye ali pansi pa nimu akupirikitsa mbuzi pa ufa. Mufunseni mafunso atatu: wadwala, pali wakuopseza, ukudya? Ngati pali matenda kapena chiopsezo, imbirani a bungwe nthawi yomweyo, ndipo asakuuzeni kuti apirire. Ngati ndi kusungulumwa chabe, mumvereni, mupemphere naye, koma musatumize ya minibasi. Ndaona atsikana amene Lachisanu lililonse anali pa siteji kukwera Thabwa, Lolemba n'kubwerera maso ali ofiira. Chaka chinatha asakudziwa ngakhale dzina la mwana wa pakhomo loyandikana nalo, ndipo eni mudzi ankangoti "alendo aja". Foni ya tsiku lililonse nayo ndi chingwe. Mugwirizane masiku, mwina Lachitatu ndi Lamulungu madzulo, masiku enawo acheze ndi amene ali nawo pafupi. Khirisimasi abwere ndithu, koma abwerere msanga mvula isanadule misewu.

Zolongedza si zambiri: masikito, zitenje, zovala zopepuka zopanda nayiloni, nsapato zoyendera m'fumbi, ambulera (ya dzuwa kuposa ya mvula), tochi ndi kasola kotchajira foni, botolo la madzi, Thanzi ORS, chidebe chokhala ndi chivundikiro, ndi juzi imodzi yokha ya mu Juni. Mabulangete awiri mwatchulawo, limodzi litsale. Tsiku lomuperekeza mupite nokha, mutanyamula shuga, sopo ndi chitenje cha mayi wa pakhomopo. Mukakhale nawo pamkeka, mukawauze m'maso kuti mwana uyu ndamusiya m'manja mwanu, akalakwa mudzudzuleni. Kenako mudzapitenso mu Juni kapena Julayi kukazizira, adzakutengereni ku Lengwe kukaona nyala. Mukadziwa T/A wake ndilembereni ku inbox, ndikuuzani za msewu wake ndi chipatala chapafupi, ndipo ngati ndi mbali ya Ngabu ndikhoza kukamuzonda ndekha.