Bagi, chikwama ndi chikwama chobereka: kodi ndi chimodzimodzi?

Funso la lero lachokera kwa mayi wina wa ku Luchenza. Akuti mwana wawo wasankhidwa kupita Fomu 1 ndipo pa pepala la zofunika kusukulu analembapo kuti backpack. Iwo anapita pamsika nkungonena kuti akufuna chikwama cha sukulu, wogulitsa anawapatsa cha lamba mmodzi chokoleka paphewa, mwana atachiona akuti ayi amayi si chimenechi. Nde akufunsa kuti kodi bag ndi backpack zimasiyana pati, nanga pa Chichewa mawu ake alipo kapena zonse ndi chikwama basi?

Mayi, zikomo kwambiri, funso ili landisangalatsa chifukwa lakhudza nkhani imene ndimailankhula pafupipafupi. Mwana wanu sanalakwe, inunso simunalakwe. Bag pa Chingerezi ndi dzina la zonse, chilichonse choikamo zinthu chosokedwa ndi nsalu, chikopa kapena pulasitiki. Backpack ndi mtundu umodzi chabe wa zimenezo, uja wa malamba awiri amene mumalowetsa mikono yonse iwiri katundu nkukhala pamsana, manja ali pawokha. Pa Chichewa chimenecho ndi chikwama chobereka. Ena amati chikwama chapamsana, nazonso nzabwino. Koma ine ndimakonda chobereka ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Anthu ambiri amathamangira kunena kuti Chichewa nchoperewera poti tilibe liwu limodzi la backpack. Bodza limenelo. Azungu kusiyanitsa kwawo anakuika pa dzina la chinthu, ife tinakuika pa mneni, pa kanyamulidwe. Tangomverani mmene timalankhulira tsiku ndi tsiku: ndowa ya madzi timasenza, mwana timabereka, khasu timapachika paphewa, kachikwama ka lamba mmodzi timakoleka, nkhuku timakupatira mkhwapa, ndipo zonsezi Chingerezi chimangodalira liwu limodzi kenako nkumawonjezera kuti pamutu, pamsana, paphewa. Ife tikangoti wasenza palibenso wofunsa kuti wasenzera pati. Nde munthu akati chikwama chobereka wanena zonse, malamba awiri, pamsana, manja opanda kanthu, zonse zili mmenemo.

Ndipo liwu loti kubereka si liwu wamba ayi. Ndi lomwelo timanena mayi akachira ku chipatala, ndi lomwelonso timanena mtengo wa mapeyala ukadzaza zipatso, ndi lomwelonso mwana akamangidwa kumsana ndi chitenje, nchifukwa chake nsalu yoberekera imatchedwa mbereko. Ine ndimakhulupirira ndithu kuti makolo athu sanaone kusiyana pakati pa kubala mwana ndi kumunyamula kumsana, ntchito yake ndi imodzi yomweyo ikupitirira. Chinthu choberekedwa chimakhala chogundana ndi thupi lako, ukuyenda nacho, ukugwira nacho ntchito. Mwana wa sukulu akabereka mabuku ake Chichewa chake chakwana bwinobwino, liwu loti kubereka si lobwereka.

Koma samalani, si chilichonse chokhala pamsana chimene ndi chikwama. Mukadutsa mmaesiteti a tiyi a ku Thyolo kapena njira ya ku Muloza mmawa muona anthu othyola tiyi atabereka madengu, manja onse awiri ali pa masamba, akathyola nkumaponya kumbuyo osacheuka nkomwe. Tiyi kuno ku Mulanje anayamba kudzalidwa cha mma 1890, nde anthu akuno kubereka katundu pamsana sitinaphunzire kwa ana a sukulu. Koma palibe amene anganene kuti dengu lija ndi chikwama. Dengu ndi lolukidwa, louma gwa, lapululu pamwamba. Chikwama ndi chosokedwa, chimatsekeka, kaya ndi zipi kaya ndi batani kaya ndi chingwe.

Mbali inayo nayonso ilipo. Pitani pa Likhubula pamene alendo amayambira kukwera phiri, ena kupita ku Chambe ena ku Lichenya ena mpaka pa Sapitwa penipeni pa mamita 3,002. Alendowo amabwera ndi zikwama zobereka zazikuluzikulu, zina zokhala ndi lamba wachitatu womanga mchiuno kuti kulemera kutsikire mmiyendo mapewa apume. Koma mnyamata wonyamula katundu akachilandira, nthawi zina mumuona wachisenza pamutu, malamba akungolendewera mmbali mwa makutu, iye phiri akukwera ngati palibe kanthu. Ndinamvapo anthu akutsutsana kuti nanga pamenepo chikadali chobereka? Eya chikadali. Dzina limatsata kasokedwe kake osati zimene mwini wake wachita nacho lero. Tinene kuti wasenza chikwama chobereka, Chichewa chabwino kwabasi, ndipo aliyense wamva chimene chachitika.

Tsopano dandaulo langa. Masiku ano ana athu chilichonse ndi bagi. Bagi ya sukulu, bagi ya laputopu, handibagi, mpaka ndinamva mnyamata wina pa Chitakale akuti bagi ya chimanga, mtima wanga unawawa. Chimanga chimakhala m'thumba abale! Thumba la makilogalamu 50, thumba la feteleza, thumba la makala, thumba la simenti. Thumba ndi lija lopanda chogwirira, lomanga kukamwa ndi chingwe kapena kusoka, ndiponso ndi lija la pa buluku kapena malaya, nchifukwa chake timati wapisa m'thumba, ndipo ndalama zosonkhedwa pa ntchito inayake nazo timati thumba. Palinso phukusi, zinthu zokulunga pa nsalu nkumanga mfundo, lija akuluakulu amati phukusi la moyo umasunga wekha. Palinso mtolo wa nkhuni kapena nzimbe. Palinso jumbo, limene ndi lobwera inde koma linapeza malo akeake, ndi la pulasitiki lokhalokha, palibe anganene jumbo akutanthauza chikwama chachikopa. Mawu onsewa aliyense ali ndi ntchito yake, nde ukawachotsa onse nkuikapo bagi chiyankhulo chimasauka, sichitukuka ayi.

Sikuti ndimadana ndi mawu obwereka. Sukulu, buku, zipi, batani, onsewa ndi obwera ndipo ndawagwiritsa ntchito pompano. Ngakhale chikwama chenichenicho, Azulu amati isikhwama, Ashona amati chikwama, ndipo ine ndimaona kuti linabwera kuchokera kummwera, kaya ndi Angoni kaya ndi azigogo athu amene ankapita ku migodi ya ku Joni pa nthawi ya Wenela nkubwerako ndi masutikesi ndi zikwama za ndalama. Kale ukati chikwama anthu ambiri ankayamba kuganiza cha ndalama, kenako dzinalo linakula nkufikira zonse. Kubwereka kotero kulibe vuto chifukwa liwulo linalowa pamene panali mpata. Chimene ndimakana ndi kubwereka kumene kukuthamangitsa mawu asanu amoyo.

Ife tikuphunzira pulayimale zikwama zoberekazi zinali za ana owerengeka. Ambirife makope tinkaika mu pepala la shuga, ena amayi awo ankawasokera kachikwama ka thumba la feteleza nkuikapo chingwe chimodzi chokoleka mkhosi, ndipo tinkakatcha kachikwama basi poti panalibe china chosiyanitsa nacho. Zoberekazi zachuluka ndi kaunjika, nde mpomveka kuti dzina lake silinakhazikike pakamwa pa aliyense. Ena ndimawamva akuti chikwama chakumbuyo, limeneli ndiye ayi, chifukwa kumbuyo ndi kulikonse, mwina kumbuyo kwa nyumba mwina pa kaliyala ya njinga. Msana ndi msana.

Nde mayi mukabwerera pamsika nenani kuti mukufuna chikwama chobereka cha mwana wa sekondale, akapanda kumva onjezani kuti cha malamba awiri, ndipo ngati wogulitsayo ndi wachinyamata nkukuyankhani kuti oh bakipaki, musakangane naye, bola inu mwatchula lanu. Zikakhala zingapo timati zikwama zobereka. Musanalipire kokani malambawo pamene asokedwera kumtunda chifukwa mpamene pamayamba kuthothoka mabuku akachuluka, yesaninso zipi kangapo, ndipo poti kuno chiperoni sichichenjeza, mwanayo mabuku aziyamba waika mu jumbo kenako mchikwamamo. Chija cha lamba mmodzi musachitaye, ndi chikwama chokoleka, chikuthandizani inuyo popita ku tchalitchi kapena ku banki mkhonde.