Propanil ndi carbaryl m'sipuleya imodzi: chimene chinaotcha mpunga

Mayi wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, wandilembera imelo. Ali ndi kamunda ka mpunga m'dambo, mbewu yake Kilombero wochokera kwawo ku Karonga. Akuti: "Ndinathira propanil ndi carbaryl m'sipuleya imodzi kuti udzu ndi mbozi zifere limodzi. Patapita masiku atatu masamba a mpunga anapsa. Kodi anandigulitsa mankhwala achinyengo?"

Pepani kwambiri, amayi. Mankhwalawo ayenera kuti anali abwinobwino, koma awiriwa, propanil wophera udzu ndi carbaryl wophera tizilombo, sayenderana.

Propanil sasankha. Amalowa m'masamba a udzu ndi a mpunga omwe. Chimene chimapulumutsa mpunga ndi enzyme ya m'thupi mwake yotchedwa aryl acylamidase, imene imaphwanya mankhwalawo asanawononge kanthu. Udzu wofanana ndi mpunga uja, Echinochloa, uli nayo yochepa, n'chifukwa chake umafa. Tsono carbaryl amaimitsa ntchito ya enzyme imeneyi, ndipo mankhwala ena ophera tizilombo, malathion ndi dimethoate, nawonso amatero. Mpunga umatsala pambalambanda, n'kupsa ngati udzu. Malangizo a pa botolo la propanil kawirikawiri amati papite masiku 14 pakati pa mankhwala awiriwa, kaya mwayamba ndi ati. Ndikudziwa kuti kubereka sipuleya kawiri kumathyola msana, koma kumandiwawa kuona mbewu imene munthu wayenda nayo ulendo wautali chonchi ikupsa chifukwa wogulitsa sanamuchenjeze.

Feteleza nayenso ali ndi mbali yake. Mukangothira AN (ammonium nitrate) kapena yureya, masamba amaphuka anthete, ndipo mankhwala amalowamo msanga, mu udzu ngakhalenso mu mpunga. Choncho feteleza wamadzi asalowe m'sipuleya ya propanil. Pa ng'amba zimatembenuka: udzu wofota umakhwimitsa khungu la masamba ake, mankhwala amangouma pamwamba. Poperani dothi lili ndi chinyezi, udzu ukadali ndi masamba awiri kapena atatu.

Ngati mumapopera glyphosate, mankhwala ena ophera udzu, musanabzale, samalani madzi. Amatope a m'dambo amamuthetsa mphamvu, chimodzimodzinso a pamjigo akakhala ndi calcium ndi magnesium wambiri.

Za munda wanu, mawa m'mawa kayang'aneni tsamba la pakati pa phata lililonse. Ngati lili lobiriwira, mpungawo uphukanso. Musalole kuti dothi liume, musapoperenso kalikonse, ndipo AN adikire mpaka masamba atsopano atuluke.