Kodi dalaivala amachedwa kapena amadikira?

Funso: Ndikukonza maphunziro a makompyuta m'Chichewa. Pulogalamu yoyendetsa chipangizo, ija timati dalaivala, ikadzutsa chipangizo kutulo imayamba yaima kaye kanthawi isanachigwiritse ntchito. Kanthawi kameneka ndikatche "kuchedwa"?

Yankho: Ayi, musatero. Wochedwa amapepesa, koma dalaivalayu sanalakwe kanthu, akungotsata lamulo. Malamulo a PCI, njira imene zipangizo zimalumikizidwira m'kati mwa kompyuta, amati chipangizo chikachoka mu D3hot, m'tulo tofa nato koma magetsi alipobe, n'kubwerera mu D0 momwe chimagwira ntchito, chisakhudzidwe kwa mamilisekondi 10 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000). Kuchokera mu D2, m'tulo tosazama kwambiri, ndi mamaikolosekondi 200 chabe, osakwana n'komwe milisekondi imodzi. Ngati magetsi anachotsedweratu, mu D3cold, Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, imachipatsa mamilisekondi 100. Dalaivala waphuma akafunsa nthawi isanakwane, chipangizo sichiyankha, iye amangowerenga ma 1 okhaokha n'kuyesa kuti chazulidwa. Ndiye lembani "kudikira".

Koma poti mwandiputa dala, pali mneni wina amene tikumutaya ndipo zimandiwawa: kulinda. Agogo anga sankati "dikira" pa chinthu chofunika kuchiyang'anira, ankati "linda", monga m'mwambi uja wakuti linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Wolinda sachokapo, maso ali pomwepo. Kwa ine kulinda ndi mlonda ndi pachibale, ndipo amene angatsutse abwere tikambirane. Wodikira ndi womasuka, atha kukachita zina n'kubwereranso.

Tsono taonani mmene zikukhalira bwino. Mu Linux muli njira ziwiri zoimira kanthawi. Ndi mdelay, purosesa, ubongo wa kompyuta, imangozungulira pamalo amodzi kuwerenga nthawi, osagwira ntchito ina iliyonse. Kumeneko n'kulinda. Ndi msleep, dalaivala amamasula purosesa ikachite zina mpaka nthawi itakwana. Kumeneko n'kudikira. Akatswiri amadana ndi kulinda kwa nthawi yaitali chifukwa kumawononga mphamvu za purosesa pachabe, ndipo ophunzira anu akamva mawu awiriwa adzazindikira okha chifukwa chake.

Chimene sindifuna kuona m'maphunziro anuwo ndi "kudileya". Ndimamva achinyamata akuti "yadileya", ngati kuti mawu athu anatha. "Dalaivala" yekhayo ndamulekerera, ngakhale sayendetsa galimoto, chifukwa "pulogalamu yoyendetsa chipangizo" mukailemba kasanu patsamba limodzi owerenga adzakuthawani.