Kwa achemwali ofunsa za monovalent pokonzekera mayeso a unamwino

Achemwali, mwati mawu akuti monovalent mukuwapeza m'buku la kemisitiri komanso m'phunziro la chitetezo cha m'thupi, ndipo mukufuna njira yoti musamawasokoneze. Popeza mono amatanthauza chimodzi, langizo langa ndi lakuti nthawi iliyonse mukawaona muzidzifunsa kuti chimene chili chimodzi pamenepa n'chiyani.

Mu kemisitiri, chimodzicho ndi mphamvu yolumikizana: atomu yake imagwirana ndi ina pamalo amodzi okha. Sodium, potassium, chlorine ndi hydrogen zili m'gulu limeneli, n'chifukwa chake mchere wathu wa kukhitchini umalembedwa NaCl, pamene calcium, amene ali ndi mphamvu ziwiri, amafuna chlorine awiri n'kukhala CaCl2.

Kumbali ya chitetezo cha m'thupi ndi kumene ndikupemphani kuti mukhazikike kwambiri, popeza ndi kumene mudzakumane ndi odwala. Antibody ndi puloteni imene thupi limapanga polimbana ndi tizilombo; ya mtundu wa IgG ili ndi malo awiri ogwirira kachilombo, koma kachigawo kake kotchedwa Fab kali ndi malo amodzi, choncho ndi monovalent. Pa katemera, chowerengedwa ndi mitundu ya kachilombo imene katemerayo wapangidwira. Rotarix, katemera woteteza ana ku matenda otsegula m'mimba, amene South Africa inayamba kupereka mu 2009 ndipo Malawi mu 2012, ali ndi mtundu umodzi wa kachilombo ka rotavirus, choncho ndi monovalent, komabe amateteza ndithu ku matenda aakulu. Musalole kuti mayi aliyense achoke pachipatala akuganiza kuti mwana wake walandira katemera wofooka chifukwa choti ndi wa mtundu umodzi.

Chitsanzo chimene ndimafuna wophunzira aliyense wa kuno achidziwe ndi cha mankhwala a ululu wa njoka opangidwa ndi South African Vaccine Producers ku Sandringham, mu Johannesburg muno. Mankhwala awo a polyvalent, kutanthauza opangidwira ululu wa njoka za mitundu yambiri, amathandiza munthu wolumidwa ndi mphiri, mamba kapena cobra, koma sagwira ntchito pa ululu wa njoka yotchedwa boomslang, umene umalepheretsa magazi kuundana ndipo uli ndi mankhwala akeake a monovalent. Apa kusiyanitsa ziwirizi kungapulumutse moyo wa munthu.

Powerenga, lembani zitsanzo za kemisitiri patsamba lina ndipo za katemera ndi antibody patsamba linanso, kenako mufotokozere mnzanu wa m'kalasi mokweza, m'Chichewa ngati n'kotheka, musanayambe kuyankha mafunso a mayeso a zaka zam'mbuyo.