Yankho kwa mayi amene afunsa ngati foni imayambitsa khansa

Mayi, mwalemba kuti mwana wanu wamkazi wa zaka 16 amagona foni ili pansi pa pilo usiku uliwonse, ndipo anzanu akuuzani kuti zimenezi zimayambitsa khansa ya muubongo. Mwafunsanso ngati chizolowezi chanu choika foni pachifuwa mukamapita kumsika chingakudwalitseni. Nkhawa yanu ndi yomveka. Koma ndikuona kuti mantha athu ambiri tawaika pa khansa, pamene ngozi zenizeni za foni zili pa zinthu zina zimene timazichita tsiku ndi tsiku osaziganizira n'komwe.

Foni imalumikizana ndi nsanja ya netiweki pogwiritsa ntchito mafunde a mtundu umodzi ndi amene amatibweretsera mawu pa wailesi. Mafundewa ndi osiyana ndi cheza cha X-ray, chimene chili ndi mphamvu zotha kuwononga maselo a m'thupi chikachuluka. A foni alibe mphamvu zoterozo, ndipo chimene amachita ndi kufunditsa pang'ono chabe malo amene foni yagunda. Mantha a anthu ambiri anachokera m'chaka cha 2011, pamene nthambi ya WHO (bungwe loona za umoyo padziko lonse) yofufuza za khansa, yotchedwa IARC, inaika mafundewa m'gulu la 2B. Gulu limeneli ndi la zinthu zimene akatswiri amati mwina zingayambitse khansa koma umboni wake ndi wochepa, choncho pafunika kufufuza kwina. Kufufuzako kunachitika. Mu 2024 kunatuluka zotsatira za kauniuni amene WHO inalamula, yemwe anasanthula akafukufuku 63, ndipo sanapeze mgwirizano pakati pa foni ndi khansa ya muubongo, ngakhale mwa anthu amene agwiritsa ntchito foni kwa zaka 10 kapena kuposerapo. Pa za khansa ya m'mawere, palibenso umboni wodalirika wosonyeza kuti foni ndiyo imaiyambitsa. Ndikupempheni chinthu chimodzi chokha pamenepa: mukadzamva chotupa m'bere, musadzangosiya kuika foni pachifuwa n'kumadikira kuti chiphwa, pitani kuchipatala mwachangu akakuyezeni. Ngati mtima sukukhazikikabe, dziwani kuti foni imatulutsa mphamvu zambiri netiweki ikafooka, kotero mukhoza kumayankhula pa sipika kuti isagunde kukhutu.

Ngakhale zili choncho, foni ya mwanayo ichoke pansi pa pilo, ndipo chifukwa choyamba ndi moto. Batire ya foni imatentha ikamatchajidwa, ndipo ikaphimbidwa ndi pilo kapena bulangete kutenthako kumasowa kotulukira. Kuno ku Area 25 ndinaona ndi maso anga zimene zinachitikira mnyamata wina woyandikana nafe. Magetsi anabwera pakati pa usiku atazima tsiku lonse, iye analumikiza foni ku tchaja yotchipa imene anagula m'mbali mwa msewu, n'kuisiya pa matiresi mkati mwa neti. Chimene chinamudzutsa ndi fungo la pulasitiki yopserera. M'mawa anatisonyeza foniyo, chakumbuyo kwake kutatukumuka ngati chitumbuwa, neti itabooka, matiresi ali ndi chibowo chakuda cholowa chibakera. Batire imatha kuyaka ngakhale pa foni yodula, paja mu 2016 kampani ya Samsung inaitanitsa mafoni onse a Galaxy Note 7 n'kusiya kuwapanga chifukwa cha vuto lomweli. Nanga kuli bwanji batire yosadziwika kumene inachokera, ndi tchaja ya waya wosupuka womangidwa ndi tepi? Batire ikafufuma, musaiboole kapena kuipanikiza kuti ibwerere m'malo mwake; isiyeni kuigwiritsa ntchito tsiku lomwelo. Musagwirenso foni imene ili pa tchaja ndi manja onyowa. Pa nkhani ya mphenzi imene imatchuka nyengo ya dzinja, foni payokha siikoka mphenzi, koma mphamvu ya mphenzi ikhoza kudzera m'mawaya a magetsi, ndiye ndi bwino kuzula tchaja kukhoma mvula ya mabingu ikayamba.

Chifukwa chachiwiri ndi tulo. Mwana wa msinkhu umenewu amafunika kugona maola 8 mpaka 10, ndipo foni imene ili pafupi ndi mutu siimupatsa mpata umenewo. Uthenga uliwonse wa pa WhatsApp umamudzutsa, kanema mmodzi wa pa TikTok amaitana mnzake, mpaka tambala woyamba kulira. Mawa lake m'kalasi amangosinza, ndipo ife makolo timayamba kudandaula kuti mwana wayamba ulesi kapena mutu ukumuwawa kawirikawiri. Ngati amagona atavala mahedifoni, makutu nawo ali pa chiopsezo, chifukwa phokoso likawononga timaselo ta mkati mwa khutu sitimeranso. WHO imalangiza kuti voliyumu isapitirire 60 peresenti ya mapeto ake. Mukamamva nyimbo imene akumvetsera inu muli chapatali, kapena akamadandaula kuti m'makutu mukulira, ndiye kuti wapyola kale muyeso.

Koma ngozi imene ine imandiopsa kuposa zonse, ndipo palibe amene waitchula pa funso lanu, ndi ya pamsewu. WHO imanena kuti dalaivala amene akugwiritsa ntchito foni amakhala pa chiopsezo chochita ngozi pafupifupi kanayi kuposa amene sakuigwiritsa ntchito, ndipo kuyankhula osaigwira m'manja sikuchepetsa kwenikweni vutolo popeza maganizo amakhalabe ali kwina. Galimoto imene ikuthamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita oposa 80 m'masekondi asanu okha, ndiye kuti woyendetsa amene waweramira uthenga wadutsa pafupifupi bwalo lonse la mpira osaona kutsogolo. Taganizirani msewu wa M1 chakumadzulo, kuchokera pa Area 18 kulowera ku Kanengo, mmene mumadzazira ana a sukulu, apanjinga ndi oyenda pansi. Sabata yapitayi ndinakwera kabaza ya njinga yamoto, ndipo mnyamatayo analowetsa foni mkati mwa chipewa chake n'kumakambirana mtengo ndi kasitomala wina uku akupyola pakati pa minibasi ziwiri. Ndinamugwira paphewa kuti aime, ndinamulipira, ndipo ndinatsikira pomwepo. Mwana wanu amakwera zomwezi popita kusukulu. Muuzeni kuti ali ndi ufulu wouza woyendetsa mwaulemu kuti, "Achimwene, malizani kaye foniyo kenako tipitirize," komanso kuti iye mwini azivula mahedifoni akamawoloka msewu.

Za pilozo, musachite kumulanda foni mokalipa, chifukwa adzangopeza njira yoibisa. Khalani naye pansi, mumufotokozere za moto ndi tulo, ndipo mugwirizane ola limene mafoni onse a m'nyumbamo, kuphatikizapo yanu ndi ya bambo ake, aziikidwa patebulo la pabalaza, pamalo ouma ndi opita mphepo, kutali ndi nsalu. Akanena kuti amaigwiritsa ntchito podzuka m'mawa, wotchi ya alamu imapezeka m'masitolo a m'tauni pa mtengo wotsika poyerekeza ndi foni yatsopano.